Kodi olemba mbiri za anthu ankatani akapeza zimene malemu anabisa?

Mdzukulu analemba kuti:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikufuna nzeru kwa inu amene mumawerenga mbiri za anthu komanso za amene anazilemba.

Abale anga anandipatsa ntchito yolemba kabuku ka mbiri ya malemu agogo anga aamuna, kuti adzukulu ndi zidzukulutudzi adzawadziwe. Anandipatsa sutikesi yachitsulo imene agogo ankasungiramo mapepala. Zambiri ndi zimene ndinkayembekezera: masatifiketi, zithunzi, makalata owayamikira pantchito. Koma pansi penipeni ndinapeza envelopu yomangidwa ndi ulusi. Muli makalata ochokera kwa bambo wina amene ankagwira nawo ntchito, amene anachotsedwa chifukwa cha lipoti limene agogo analemba. Bamboyo akunena mosapsatira kuti lipotilo linali labodza ndipo agogo ankadziwa. Mu envelopu momwemo muli kalata yopepesa ya dzanja la agogo, yofufutafufuta, yoyambidwa kangapo. Ilibe sitampa, ilibe siginecha. Sinatumizidwe.

Amalume akuti ndizisiye, wakufa sayankha mlandu. Mtima wanga ukukana, chifukwa kalata yosatumizidwayo ndi imene yandionetsa agogo ngati munthu weniweni kuposa masatifiketi onse aja. Ndiye ndifunse: anthu amene akhala akulemba miyoyo ya anzawo kuyambira kale ankatani akafika pamphambano ngati iyi? Ankamvera banja, malemu, kapena owerenga? Nanga iwowo anali anthu otani, oti n'kuthera zaka zawo akulondola moyo wa munthu wina?

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

Mwanangu, pepani ndi katundu mwasenzayu, koma dziwani kuti si inu oyamba kufika pamenepa. Ndiyambe ndi mayi wina amene anatenga njira imene amalume anu akufuna, muone kumene inamufikitsa.

Charlotte Brontë, mlembi wa ku England, atamwalira mu Malichi 1855, bambo ake, abusa Patrick Brontë, anapempha mnzake wa malemuyo, Elizabeth Gaskell, kuti alembe mbiri yake. Gaskell sanachite ulesi. Anayenda, anafunsa anthu, anawerenga makalata ambirimbiri, mpaka anawoloka nyanja kupita ku Brussels kumene Charlotte anakaphunzira mu 1842. Kumeneko anakumana ndi Constantin Heger, mphunzitsi wa Charlotte, bambo wapabanja, ndipo anadziwa za makalata amene Charlotte ankamulembera atabwerera kwawo. Anali makalata a munthu amene mtima wamugwira, wongopempha kuti amuyankheko ngakhale mawu ochepa. Gaskell anasankha kubisa. Ankateteza dzina la mnzake, amene ena anali atayamba kale kumunena kuti mabuku ake sayenera mkazi waulemu, ndiponso bambo ake ndi mwamuna wake anali akadali moyo. Sindimuweruza mopepuka mayiyu. Koma ukazula chifukwa chenicheni cha chinthu pamatsala dzenje, ndipo umakakamizika kulikwirira ndi china. Owerenga akanafunsa kuti Charlotte anasweka mtima chotere chifukwa chiyani, ndipo iye ndi mkazi wa Heger anasiyiranji kumvana. Gaskell anati kusamvanako kunachokera pa kusiyana chipembedzo, ndipo chisoni cha Charlotte anachikankhira kwa mlongo wake Branwell, amene analowerera ndi mowa. Pofotokoza kugwa kwa Branwellyo anaimba mlandu mayi wina wamoyo kuti ndiye anamusokoneza. Buku litatuluka mu 1857, maloya a mayiyo, amene pa nthawiyo ankatchedwa Lady Scott, anaopseza kuti apita kukhoti. Kunatuluka kupepesa m'nyuzipepala ya The Times, ndipo mbali zina za buku zinachotsedwa. Chinsinsi chija sichinakhalitsenso mpaka kalekale: mu 1913 ana a Heger anapereka makalatawo ku British Museum, ndipo anasindikizidwa dziko lonse n'kuwawerenga.

Tsopano winayo, amene ine ndimamukonda. James Boswell anali mnyamata wa ku Scotland wa zaka 22 pamene anakumana ndi Samuel Johnson, amene analemba dikishonale yotchuka ya Chingelezi, m'sitolo ya mabuku ya Thomas Davies ku London pa 16 Meyi 1763. Johnson anali ndi zaka 53. Kuchokera pamenepo Boswell anali ndi chizolowezi choti akabalalika pocheza, iye amakakhala pansi n'kulemba zimene mkuluyo wanena, mawu asanazilale m'makutu. Nthawi zina ankachita kukonza dala kuti pachitike nkhani. Mu 1776 anamunyengerera Johnson mpaka anakadya gome limodzi ndi John Wilkes, wandale amene Johnson ankanyansidwa naye, ndipo anthu awiriwo anatha madzulowo akuseka limodzi. Johnson atamwalira mu 1784, mlembi wina, Hannah More, anapempha Boswell kuti afewetseko ukali wa malemuyo m'buku la mbiri yake limene ankalemba. Boswell anakana, nati sangamudule zikhadabo kapena kusandutsa chilombo kukhala mphaka pofuna kusangalatsa munthu.

Ndiye mukatsegula buku lake la mu 1791 mumupeza Johnson akudya mwadyera, maso ali pambale, mitsempha ya pamphumi itatupa, thukuta likutsika, osalankhula ndi munthu mpaka akhute. Mumupeza akulalatira anzake pamkangano, mumupeza akunjenjemera ndi mantha a imfa. M'buku lomwelo mumupeza akupita yekha kukagulira mphaka wake Hodge nkhono za m'nyanja, poopa kuti akamatuma antchito angayambe kudana naye mphakayo. Ine za mphakazo ndimazikhulupirira chifukwa ndinaonetsedwa kaye za pambale zija. Munthu amene sanandibisire dyera la mnzake ndilibe chifukwa chomukayikira akamandiuza za chifundo chake. Kabuku kotamanda kokhakokha adzukulu amakawerenga kamodzi, n'kuzindikira kuti ndi mawu a pamaliro, n'kukaika pashelefu.

Plutarch, wolemba mbiri za anthu wa ku Chaeronea ku Greece, anaziona izi zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Poyamba mbiri ya mfumu Alexander Wamkulu ananeneratu kuti sakulemba nkhani ya nkhondo zonse koma moyo wa munthu, ndipo kanthu kakang'ono, kaya liwu limodzi kaya nthabwala, nthawi zambiri kamaulula khalidwe kuposa nkhondo imene pafa anthu zikwizikwi. Kalata yofufutafufuta ija ndi kanthu kameneko.

Ndipo taganizirani izi. Amene safuna kuti zawo zidzadziwike amakoleza moto. Charles Dickens, mlembi wa ku England, anawotcha makalata a zaka zambiri kunyumba kwake ku Gad's Hill mu Sepitembala 1860. Cassandra Austen anawononga ambiri mwa makalata a mng'ono wake, mlembi Jane Austen. Agogo anu anali ndi zaka zambirimbiri zoti n'kuchita chimodzimodzi, koma iwo anatenga ulusi n'kumanga mlandu pamodzi ndi kupepesa kwake. Lembani, mwanangu, ndipo lembani zonse ziwiri.

Wosunga Mafayilo anayankha kuti:

Aphunzitsi, ndakumvani ndipo pa zambiri tili limodzi, koma mwathamanga pa mfundo ziwiri.

Choyamba, kusawotcha si chilolezo. Makalata a Charlotte amene mwatchulawo anapulumuka bwanji? Heger anawang'amba n'kuwataya. Mkazi wake ndiye anatola zidutswazo, n'kuzilumikiza, zina pomata zina posoka ndi ulusi. Charlotte sanafune kuti ine ndi inu tidzawerenge, Heger naye sanafune. Pepala limatha kupulumuka pa zifukwa zosakhudzana n'komwe ndi zofuna za mwini wake. Mwina agogo ankafuna kuti zidzadziwike, mwina ankangolephera kuzitaya. Zimenezo a Mdzukulu sangazilembe ngati akuzidziwa.

Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa ntchito yanga ndi ya mafayilo ndipo ndimaona mmene pepala limodzi limamangira munthu. Zimene zili mu envelopumo ndi mawu a munthu wokwiya, amene ntchito yamuthera, komanso kalata yosamalizidwa. Lipoti lenilenilo a Mdzukulu sanalione. Agogo akupepesa chiyani? Kuti ananama, kapena kuti zoona zimene analemba zinagwetsa mnzawo m'mavuto? Zimenezi n'zosiyana kwambiri.

Tamverani zimene anachita Giorgio Vasari, wojambula wa ku Arezzo amene analemba miyoyo ya akatswiri ojambula ndi osema a ku Italy, buku limene linatuluka mu 1550 n'kulikuza mu 1568. Popanda iye sitikanadziwa zambiri za anthu amenewa. Koma analemba kuti wojambula wina, Andrea del Castagno, anapha mnzake Domenico Veneziano chifukwa cha nsanje, pomudikirira mumsewu usiku, ndipo anadzaulula ali pafupi kufa. Nkhani yokoma kufotokoza, ndipo anthu anaikhulupirira kwa zaka pafupifupi 300. Kenako m'zaka za m'ma 1800 anthu anafufuza m'mabuku a maliro a ku Florence, n'kupeza kuti Castagno anamwalira mu 1457, pamene Domenico anamwalira mu 1461. Wakuphayo anatsogola kumanda zaka zinayi wophedwayo akadali moyo. Vasari anangomva, n'kulemba, ndipo munthu wosalakwa anakhala chigawenga mibadwomibadwo. Pamenepa mawu a amalume aja, oti wakufa sayankha mlandu, ine ndimawamva mwamtundu wina: popeza sangayankhe, wolembayo ndiye ayenera kumufunsira mafunso onse amene akanafunsa yekha.

Suetonius, amene analemba za mafumu khumi ndi awiri a ku Roma kuyambira Julius Caesar mpaka Domitian, amadziwika kuti ankakonda mphekesera, ndipo n'zoona. Koma anali mlembi wa makalata a mfumu Hadrian, ndipo pamene anali ndi zikalata ankadziwa kuzigwiritsa ntchito. Pa nkhani ya kumene mfumu Caligula inabadwira anapeza olemba akutsutsana, wina akuti ku Tibur, wina akuti kudera la a Treveri. Iye anaika maganizo onsewo poyera, kenako anatulutsa zolembedwa za boma zimene zinkati ku Antium, n'kuonjezera kalata ya mfumu Augustus yosonyeza kumene mwanayo anali asanakwanitse zaka ziwiri. Wowerenga amaona yekha mmene chigamulo chafikidwira. Ndi zimene ndikupempha a Mdzukulu. Musabise, koma musaweruzenso kupitirira pamene mapepala akufika. Lembani kuti bamboyo ananena zakutizakuti, agogo analemba zakutizakuti ndipo sanatumize. Ndiponso kumbukirani kuti bambo anachotsedwayo ali ndi ana ake, amene sanakupempheni kuti dzina la bambo awo lilowe m'buku la banja lanu.

Mdzukulu anayankha kuti:

Zikomo Aphunzitsi, zikomonso a Wosunga Mafayilo. Ndabwereranso ku kalata ija. Mawu amene agogo anafufuta n'kulembanso mobwerezabwereza ndi oti "ndikanatha kulankhula". Sakunena kuti ananama, sakunenanso kuti sananame. Mng'ono wawo wa agogo akadali moyo ndipo mutu ukugwira bwinobwino, koma ndikamawafunsa za mkulu wawo amangobwereza nkhani zomwe zija zimene tonse timazidziwa kale. Kodi munthu wotere mumamufunsa bwanji kuti atuluke mu nkhani zoloweza? Ndipo funso langa lachiwiri lija likadalipo, loti olemba amenewa anali anthu otani.

Mtolankhani Wakale anayankha kuti:

Achemwali, mafunso anu awiriwa yankho lake lili mwa munthu mmodzi, koma ndiloleni ndidutse kaye ku China, chifukwa munthu amene analipira mtengo waukulu kuposa onse pantchito imeneyi ndi Sima Qian.

Bambo ake, Sima Tan, anali wosunga zolembedwa kunyumba ya mfumu, ndipo pomwalira mu 110 BC anamusiyira mwana wakeyo ntchito yomaliza mbiri imene anaiyamba. Mu 99 BC mkulu wa asilikali wina, Li Ling, anagonja kwa adani otchedwa Xiongnu atamenya nkhondo ndi asilikali ochepa. Akuluakulu a kunyumba ya mfumu anamunyoza, koma Sima Qian anamuikira kumbuyo pamaso pa mfumu Wu. Mfumu inakwiya. Chilango chikanatha kuomboledwa ndi ndalama, koma iye analibe, ndipo palibe mnzake anamuthandiza. Anamuthena. Munthu wa udindo wake pa nthawi imeneyo ankayembekezeka kudzipha m'malo molandira manyazi otero, ndipo iye mwini anafotokoza m'kalata yopita kwa mnzake Ren An kuti anapirira chifukwa buku linali lisanathe. Analimaliza, mitu 130, ndipo 70 mwa imeneyo ndi ya miyoyo ya anthu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanalembe za nduna ndi akazembe okhaokha. Muli amalonda, asing'anga, anthu oseketsa mafumu, ngakhale anthu amene anatumidwa kukapha mafumu. Munthu amene anachititsidwa manyazi ndi amene anapereka malo kwa anthu amene ena akanawadumpha.

Ena analipira ndi kuleza mtima basi. Ibn Khallikan, wobadwira ku Irbil mu 1211, amene anadzakhala woweruza wamkulu ku Damascus, anayamba kusonkhanitsa miyoyo ya anthu odziwika mu 1256 n'kumaliza mu 1274, ndipo anadziikira lamulo loti munthu amene sanatsimikize chaka chimene anamwalira asamulowetse m'buku. Lamulo limeneli likanamupulumutsa Vasari.

Tsopano munthu ndimanena uja ndi Robert Caro wa ku America, amene anayamba ngati mtolankhani. Buku lake loyamba, lonena za Robert Moses amene anamanga misewu ikuluikulu ndi milatho ya ku New York, ankaganiza kuti alimaliza chaka chisanathe. Linamutengera zaka zisanu ndi ziwiri, ndalama zinatha, ndipo mkazi wake Ina, amene ndiye womuthandiza kufufuza, anagulitsa nyumba yawo kuti ntchito ipitirire. Linatuluka mu 1974. Kenako anayamba mbiri ya pulezidenti Lyndon Johnson, imene mabuku ake anatuluka mu 1982, 1990, 2002 ndi 2012. Atapita kumidzi ya ku Texas kumene Johnson anakulira, anthu ankamuuza nkhani zoloweza, zomwe anauza kale atolankhani ena onse obwera n'kubwerera. Ndiye iye ndi Ina anasamukira komweko n'kukhalako pafupifupi zaka zitatu. Anthu ataona kuti sakuchoka m'pamene anayamba kumuuza zenizeni. Amayi okalamba anamuonetsa mmene ankatungira madzi pachitsime ndi kuchapa magetsi asanafike, mpaka kumugwiritsa chingwe kuti amve yekha kulemera kwa ndowa.

Koma chimene chikukhudza inu ndi ichi. Mng'ono wake wa pulezidentiyo, Sam Houston Johnson, nayenso ankangobwereza nkhani zokometsera za mkulu wake. Caro anapempha chilolezo cholowa m'nyumba imene anyamatawo anakulira ku Johnson City, alendo odzaona malo atachoka. Anamukhazika Sam Houston pagome lodyera, pamalo pomwe ankakhala ali mwana, ndipo iye anakakhala kumbuyo kwake kuti asamamuone. Kenako anamupempha kuti abwereze mmene Lyndon ndi bambo awo ankakanganirana pagomepo. Mkuluyo anayamba pang'onopang'ono, kenako anafika pokuwa mawu a bambo ndi a mwana mosinthanasinthana. Atatha, Caro anamupempha kuti afotokozenso nkhani zokoma zija, ndipo iye anayankha kuti sangathe, chifukwa sizinachitike. Kuchokera pamenepo anayamba kufotokoza ubwana weniweni wa mkulu wake.

Ndiye agogo aang'onowo musawafunse kuti mkulu wawo anali munthu wotani. Funso limenelo lili ndi yankho lake lokonzeratu, ndipo alipereka kale kambirimbiri. Afunseni zogwirika. Chaka chimene mnzawo uja anachotsedwa ntchito, mkulu wawo ankabwera kunyumba nthawi yanji? Ankakhala pampando uti? Ndani anasiya kubwera kudzacheza? Ngati nyumba imene ankakhala nthawi imeneyo ikadalipo, pitani nawo kumeneko. Mukafunsa, khalani chete. Caro amanena kuti akaona kuti akufuna kudula chete, amalemba zilembo ziwiri m'kope mwake zodzikumbutsa kutseka pakamwa, ndipo makope ake ndi odzaza nazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Envelopuyo musaitulutse tsiku loyamba, chifukwa akangoiona ayamba kuteteza mkulu wawo m'malo mokumbukira.

Za lipotilo, a Wosunga Mafayilo akunena zoona, lifunefuneni. Malo ambiri antchito amasunga mafayilo a ogwira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limene lili pa makalata a bamboyo likuthandizani kudziwa chaka choti mufunse. Ana a bamboyo apezeni musanasindikize kalikonse. N'kutheka kuti iwonso ali ndi mapepala awo, ndipo ngati sakufuna kuti dzina la bambo awo lituluke, nkhaniyo mungathe kuilemba yonse osalitchula.